Tulutsani laputopu m'chikwama: lamulo lomwe linabadwira m'wailesi ya kaseti

Aliyense amene anakwerapo ndege yotuluka m'dziko amaudziwa mwambo wake. Mukafika pa makina ounikira katundu, wachitetezo amakuuzani kuti muvule lamba, mutulutse za m'thumba, ndipo laputopu ituluke m'chikwama ikagone yokha m'thireyi. Mabuku atsale, zovala zitsale, koma laputopu ituluke. Palibe amene amafotokoza chifukwa chake, ndipo palibenso amene amafunsa, poti pamzere wa pabwalo la ndege si pochitira mtsutso.

Anzanga ena m'kalasi amati zonsezi ndi sewero chabe, lopangidwa kuti okwera ndege aziona ngati akutetezedwa. Ine sindigwirizana nawo. Lamulo la laputopu lili ndi mbiri, ndipo m'mbiri yakeyo muli maliro enieni. Chomwe chimandivuta ine ndi china. Mukatsata mabomba omwe anabala lamuloli, mupeza kuti ambiri mwa iwo sanadzere m'manja mwa wokwera ndege woima pamzere. Ndipo pomwe lamuloli linafika pachimake m'chaka cha 2017, linasiya kusankha zikwama n'kuyamba kusankha mayiko.

Tiyambe ndi nthawi yomwe kunalibe thireyi n'komwe. M'zaka za m'ma 1960, ku America munthu ankakwera ndege monga timakwerera basi pa depoti, tikiti m'manja, chikwama paphewa, operekeza ali pambuyo mpaka pakhomo lokwerera. Kenako kunabuka mliri wolanda ndege. Pakati pa 1968 ndi 1972 ndege za ku America zoposa 130 zinalandidwa, zambiri n'kulamulidwa kuti zilowere ku Cuba. Makampani a ndege ankakana zoti anthu onse azisechedwa, poopa kuti makasitomala athawa mizere. Chomwe chinasintha maganizo chinachitika mu Novembala 1972, pomwe amuna atatu analanda ndege ya Southern Airways n'kuopseza kuti aigwetsera pa malo a nyukiliya a Oak Ridge ku Tennessee. Kuyambira pa 5 Januwale 1973, wokwera aliyense anayenera kuunikidwa ndi makina ozindikira zitsulo, ndipo chikwama chake cha m'manja chinayenera kusechedwa.

Taonani kuti makina amenewa anapangidwira kufunafuna mfuti ndi mipeni, zinthu zachitsulo za maonekedwe odziwika. Mdani yemwe ankamuganizira anali munthu wofuna kulanda ndege n'kutsika wamoyo. Wofuna kuiphulitsa iye ali kunyumba kwake akumwa tiyi sanali m'mutu mwawo.

Pa 23 Juni 1985, ndege ya Air India nambala 182 inaphulika pamwamba pa nyanja kufupi ndi Ireland n'kupha anthu onse 329. Sutikesi ya bomba inalembetsedwa ku Vancouver m'dziko la Canada. Mwiniwake sanakwere, koma sutikesiyo inanyamuka, ndipo ku Toronto, komwe inasinthira ndege, makina a X-ray ounikira katundu anawonongeka ntchito ili m'kati. Tsiku lomwelo bomba lachiwiri la gulu lomweli linaphulika pa bwalo la Narita ku Japan n'kupha onyamula katundu awiri, ndipo m'ziduswa zake ofufuza anapezamo zotsalira za wailesi ya Sanyo. Wailesi, chinthu cha pabalaza, inali italowa m'nkhani.

Patatha zaka zitatu ndi theka kunadza Lockerbie. Madzulo a pa 21 Disembala 1988, ndege ya Pan Am nambala 103 inanyamuka pa bwalo la Heathrow ku London kulowera ku New York. Isanathe ngakhale ola limodzi m'mwamba, inaduka zidutswazidutswa pamwamba pa tawuni yaing'ono ya Lockerbie ku Scotland. Onse 259 a m'ndegemo anafa, komanso anthu 11 a m'tawuniyo. Ophunzira 35 a pa Syracuse University, amsinkhu wathu womwewu, anali m'ndegemo akubwerera kwawo kukadya Khrisimasi atamaliza teremu ya maphunziro ku Ulaya.

Apolisi anayenda m'minda ndi m'nkhalango kwa miyezi akutola kaduswa kalikonse, ndipo pang'onopang'ono nkhani inaoneka mutu wake. Bomba linali m'kati mwa wailesi ya kaseti ya Toshiba, mawailesi aja makolo athu ankaika pa kabati n'kuwafunditsa kansalu koluka. M'kati mwake munali Semtex wosakwana theka la kilogalamu. Semtex ndi chophulika chomwe chinkapangidwa ku Czechoslovakia, chofewa ngati dongo, choti munthu angachiumbe kuti chikwane pampata uliwonse, ndipo panthawiyo chinali chovuta kwambiri kuchizindikira. Wailesiyo inaikidwa pakati pa zovala m'sutikesi ya Samsonite. Chopweteka n'chakuti chenjezo linalipo. Miyezi iwiri m'mbuyomo, mu Okutobala 1988, apolisi a ku West Germany anagwira anthu a gulu la PFLP-GC ali ndi bomba lobisika m'wailesi ya Toshiba, ndipo uthenga unatumizidwa ku makampani a ndege kuti akhale tcheru ndi mawailesi otere.

Mlandu unatenga zaka. Libya inakana kupereka anthu awiri omwe ankaganiziridwa mpaka mu 1999, Nelson Mandela atathandiza kuyanjanitsa mbali zonse. Pa 31 Januwale 2001 oweruza atatu a ku Scotland, atakhala ku Camp Zeist m'dziko la Netherlands, anapeza Abdelbaset al-Megrahi wolakwa n'kumasula mnzake. Pali abale ena a omwe anafa, monga Dr Jim Swire, amene sanakhutire ndi chigamulocho. Koma pa nkhani yathuyi chofunika ndi njira yomwe khotilo linati sutikesiyo inadzera: inakwezedwa ku Malta, n'kudutsa ku Frankfurt, n'kufika ku Heathrow, ulendo wonsewo yopanda mwini. Palibe amene anaima nayo pamzere.

Lockerbie inasintha zambiri. Lamulo loti chikwama chisanyamuke ngati mwiniwake sanakwere linayamba kutsatidwa mwamphamvu, n'chifukwa chake lero ndege imatha kuchedwa akufunafuna sutikesi ya munthu amene sanaoneke pakhomo lokwerera. Mu 1991 mayiko anasaina pangano ku Montreal loti opanga zophulika za mtundu wa Semtex aziikamo mankhwala oti makina azitha kuzinunkhiza. Kampani ya Pan Am inagwa chaka chomwecho. Ndipo achitetezo anayamba kuyang'anitsitsa chilichonse chokhala ndi mawaya ndi batire: wailesi, kamera, makina ometera ndevu, ndi mlendo watsopano amene anthu a bizinesi anali atayamba kuyenda naye, kompyuta ya m'chikwama. Laputopu inalowa m'mlandu wa wailesi ya kaseti isanalakwe kanthu.

Apa ndiwaikire kumbuyo achitetezo. Makina a X-ray omwe ali pa mabwalo ambiri amajambula chikwama ngati chithunzi chafulati, zinthu zonse zitasanjikizana. Pa sikirini, zovala, chakudya, mapepala ndi mapulasitiki zimaoneka zamtundu wa lalanje, zitsulo zimaoneka zabuluu, ndipo pomwe kuwala kwalephera kubowola pamangoda bii. Zophulika zambiri zili m'gulu la lalanje lija. Tsono laputopu ndi chinthu chothinana, batire apa, tizitsulo apo, timawaya ponseponse. Ikakhala m'chikwama imabisa zomwe zili pansi pake ndi pamwamba pake, monga chivindikiro chimabisira za mumphika. Komanso iyo payokha ndi malo abwino obisamo kanthu, chifukwa chophulika chopyapyala ngati chikuto cha buku chikhoza kugona pambali pa batire osaoneka. Munthu wa pa sikirini ali ndi masekondi ochepa pa chikwama chilichonse, ndiye kuiika payokha kumamuthandiza kuona zonse ziwiri bwino. Kansalu kaja nthawi zina amapukutira pa kiyibodi n'kukalowetsa m'makina ena kamafunafuna fumbi la zophulika, lomwe limatsalira pa chinthu chilichonse chomwe wopanga bomba wachigwira. Limeneli si sewero.

Ndipo wokwera ndege nayenso akhoza kukhala mdani, izi sindikana. Mu Disembala 1994 Ramzi Yousef anakwera ndege ya Philippine Airlines nambala 434 ali ndi wotchi ya Casio komanso chophulika chamadzi m'kabotolo ka mankhwala otsukira magalasi a m'maso. Anazilumikiza m'chimbudzi cha m'ndege, n'kusiya bombalo pansi pa mpando, iye n'kutsika ku Cebu. Litaphulika linapha munthu wa ku Japan amene anakhala pampandowo. Kunali kuyesera chabe. Mwezi wotsatira moto unabuka m'nyumba yomwe ankakhala ku Manila, ndipo apolisi anapezamo laputopu yake, ya Toshibanso, momwe munali ndondomeko yophulitsa ndege za ku America zoposa 10. Ulendo umenewo laputopu ndiyo inaulula chiwembu.

Zigawenga za pa 11 Seputembala 2001 zinagwiritsa ntchito timipeni, osati makompyuta. Komabe ndi pambuyo pake, bungwe la TSA litakhazikitsidwa mu Novembala chaka chomwecho, pomwe kutulutsa laputopu kunakhazikika ngati mwambo wa tsiku ndi tsiku. Nsapato zinatsatira chifukwa cha Richard Reid, mabotolo a mamililita 100 chifukwa cha chiwembu cha ku London cha 2006. Poti ndege iliyonse yofuna kutera ku America kapena ku Ulaya iyenera kutsatira zofuna za kumeneko, malamulowa anafalikira pafupifupi dziko lonse.

Mu Okutobala 2010 mapaketi awiri anatumizidwa kuchokera ku Yemen kudzera ku UPS ndi FedEx, olembedwa kuti akupita ku Chicago. M'kati munali mapulinta, ndipo m'timabokosi ta inki yaufa anathiramo chophulika chotchedwa PETN. Paketi imodzi inagwidwa ku Dubai, ina pa bwalo la East Midlands ku England. Si makina amene anawagwira. Akazitape a ku Saudi Arabia ndiwo anatsina khutu anzawo, mpaka kupereka nambala za mapaketiwo, ndipo ngakhale zinali choncho, apolisi a ku Britain atayang'ana pulintayo koyamba sanaone bomba. Mu Julayi 2014 America inalamula kuti pa mabwalo ena akunja okwera aziyatsa mafoni ndi malaputopu awo akauzidwa, ndipo chosayaka chisakwere. Maganizo ake anali akuti ngati batire lachotsedwa n'kuikamo chophulika, chipangizocho sichingayake.

Bomba lenileni la m'laputopu, lomwe linkaopedwa zaka zonsezi, linaphulika kuno ku Africa. Pa 2 Febuluwale 2016 ndege ya Daallo Airlines nambala 159, ya mtundu wa Airbus A321, inanyamuka ku Mogadishu kupita ku Djibouti. Ikadali kukwera, bomba linaboola chibowo m'nthiti mwake pafupi ndi phiko. Mwini bombalo anatulukira pachibowo chomwecho n'kukagwa pansi, ndipo ndi yekhayo amene anafa. Poti ndegeyo inali isanafike m'mwamba kwenikweni, sinang'ambike, ndipo woyendetsa anaibweza n'kutera bwinobwino ku Mogadishu. Gulu la al-Shabaab linavomera kuti linali dzanja lake. Kenako boma la Somalia linatulutsa kanema wa makamera a pabwalopo, woonetsa amuna awiri akumupatsira munthuyo laputopu iye ali kale m'kati, atadutsa pomwe amasecha. Ogwira ntchito pabwalo pomwepo anali m'chiwembucho, ndipo mu Meyi chaka chomwecho khoti la asilikali linagamula anthu 10, awiri mwa iwo kuti akakhale kundende moyo wonse. Mukhoza kuvula malamba okwera ndege onse a pa dziko lapansi, koma ngati mlonda wa pabwalo wagulidwa, thireyi ilibe ntchito.

Tsopano tafika pa chaka chomwe chinandichititsa kulemba nkhaniyi. Pa 21 Malichi 2017 boma la America linalengeza kuti aliyense wonyamuka pa mabwalo 10 a m'mayiko 8 kulunjika ku America asalowe m'ndege ndi chipangizo chamagetsi chachikulu kuposa foni. Laputopu, tabuleti, kamera, zonse zikagone m'chipinda cha katundu kunsi kwa ndege. Mabwalowo anali Amman, Cairo, Istanbul, Jeddah, Riyadh, Kuwait, Casablanca, Doha, Dubai ndi Abu Dhabi. Makampani 9 ndiwo anakhudzidwa, kuphatikizapo Emirates, Qatar Airways, Etihad ndi Turkish Airlines, ndipo anapatsidwa maola 96 kuti amvere. Ya ku America panalibe ngakhale imodzi, poti panalibe yomwe inkauluka kuchokera pa mabwalo amenewo.

Chiopsezo sichinali chopeka. Atolankhani a ku America analemba kuti akazitape anali ndi umboni woti zigawenga zaphunzira kubisa chophulika m'laputopu yoti ikhoza kuyaka ndithu poiyesa, zomwe zinathetsa mphamvu lamulo la 2014 lija. Palinso nzeru pa kutsitsira laputopu kunsi. Bomba laling'ono limafuna munthu aligunditse ku khoma la ndege, pomwe pakati pa masutikesi mphamvu yake imachepa. Britain nayo inaika chiletso chake tsiku lomwelo.

Koma mndandanda wa Britain ndi umene umandipatsa mafunso. Mayiko awiriwa amagawana uthenga wa akazitape, komabe Britain inatchula Turkey, Lebanon, Jordan, Egypt, Tunisia ndi Saudi Arabia, n'kusiya Dubai, Abu Dhabi ndi Doha, ndipo chiletso chake chinakhudza makampani akeake monga British Airways ndi easyJet. Nanga n'chiyani chinachititsa Dubai kukhala yoopsa kwa Washington koma yabwinobwino kwa London? Abu Dhabi ndiye imadabwitsa kwambiri, chifukwa kuyambira mu 2014 pabwalopo pamakhala maofesala a boma la America omwe amafunsa okwera ndi kuona mapepala awo asananyamuke. Tikumbukirenso kuti kuyambira mu 2015 makampani a Delta, United ndi American ankadandaula ku boma lawo kuti Emirates, Etihad ndi Qatar Airways akuwalanda msika pogwiritsa ntchito ndalama za maboma a kwawo. Wokwera wa bizinesi, amene amalipira tikiti yodula kuti agwire ntchito paulendo wa maola 14, ndiye amadyetsa kampani ya ndege. Mukamulanda laputopu, asamukira kwina. Mu Epulo, Emirates inachepetsa maulendo ake a ku America. Ndipo chiletsochi chinabwera pasanathe miyezi iwiri Donald Trump atasaina lamulo loletsa nzika za mayiko 7 a Asilamu ambiri kulowa m'dzikomo.

Yang'ananinso mbiri yomwe tadutsamoyi. Bomba la Lockerbie linadzera ku Frankfurt ndi ku Heathrow. Richard Reid anakwerera ku Paris. Chiwembu cha 2006 chinaphikidwa ku England komweko. Munthu wa maganizo oipa akanatha kunyamuka ku Istanbul, kusinthira ndege mumzinda wina wa ku Ulaya, n'kufika ku New York laputopu ili pamiyendo. Mu Meyi 2017 akuluakulu a ku America anaganizadi zofutukula chiletsocho kuti chifike ku Ulaya. Kumeneko kunali misonkhano, ku Brussels ndi ku Washington. Bungwe la makampani a ndege la IATA linati okwera angataye ndalama zoposa madola 1 biliyoni pachaka, ndipo nkhaniyo inafera pomwepo. Ndi Ulaya anakhala pansi n'kukambirana. Amman ndi Casablanca anangolandira kalata.

Zimenezi sizinali kutali ndi ife monga zikuonekera. Kuchokera ku Lilongwe kapena Blantyre kulibe ndege yolunjika ku Ulaya kapena ku America. Timadzera ku Addis Ababa, Nairobi kapena Johannesburg, ndipo ena amapitirira kudzera ku Dubai, Doha kapena Istanbul. Chiletsocho sichinkayang'ana pasipoti, chinkayang'ana bwalo lomaliza kunyamukira, choncho wophunzira wa kuno wopita ku America kudzera ku Doha m'miyezi imeneyo anayenera kulekana ndi laputopu yake. Qatar Airways inkabwereka malaputopu kwa okwera a mipando yodula. Wa mpando wotchipa, amene laputopu yake anaigula movutikira ndipo muli ntchito yake yonse ya zaka zinayi, analibe womubwereka.

Ndiye pali nkhani ya moto, poti walira mvula walira matope. Mabatire a lithium omwe ali m'malaputopu amatha kutentha okha mpaka kuyaka, makamaka akaphwanyika. Pa 3 Seputembala 2010 ndege yonyamula katundu ya UPS, ya mtundu wa Boeing 747, inagwa ku Dubai n'kupha oyendetsa onse awiri moto utabuka m'katundu momwe munali mabatire otere. Kuyambira mu Epulo 2016 bungwe la ICAO, lomwe limayang'anira za ndege pa dziko lonse, linaletsa kunyamula mitokoma ya mabatirewa m'ndege za anthu. Batire likayaka pakati pa okwera, ogwira ntchito m'ndege amaona utsi n'kulithira madzi. Kunsi kulibe woliona. Ndiye pasanathe chaka chiletso cha ICAO chiyambireni, lamulo lina linati malaputopu ambirimbiri atsikire kunsi komweko, ndipo bungwe la EASA la ku Ulaya linachenjeza poyera kuti malo abwino a zipangizozi ndi pomwe pali anthu.

Chiletso cha America chinangokhala miyezi inayi. Kumapeto kwa Juni, John Kelly, yemwe ankatsogolera unduna wa chitetezo cha m'dziko, analengeza njira zatsopano zokhudza mabwalo pafupifupi 280 m'mayiko 105: kuunika zipangizo zamagetsi mozama, makina onunkhiza zophulika, agalu, komanso kukhwimitsa chitetezo mozungulira ndege ndi malo odikirira. Bwalo lililonse lokwaniritsa izi linkachotsedwa pa mndandanda. Abu Dhabi inachotsedwa koyambirira kwa Julayi, Riyadh n'kukhala yomaliza mwezi womwewo usanathe. Funso langa ndi lakuti ngati mankhwala ake anali amenewa, ndipo mabwalo enawo anawakwanitsa m'masiku ochepa, n'chifukwa chiyani sanayambire pomwepo mu Malichi.

Lero lamulo lotulutsa laputopu layamba kutha, koma likutha motsata thumba. Makina atsopano a CT, achibale a aja a kuchipatala, amajambula chikwama mbali zonse moti wa pa sikirini akhoza kuchitembenuza n'kuona kuseri kwa batire. Bwalo la London City linasiya kuuza anthu kutulutsa malaputopu mu Epulo 2023. Makinawa ndi odula, komanso olemera moti mabwalo ena anachita kulimbitsa pansi asanawaike, ndiye mabwalo a mayiko osauka akhala ndi thireyi kwa nthawi ndithu.

Pakadali pano diso latembenukira ku kachipangizo kena. Pa 28 Januwale 2025 ndege ya Air Busan inapsa isananyamuke pa bwalo la Gimhae ku South Korea, anthu onse 176 n'kutuluka amoyo, ndipo ofufuza analoza power bank yomwe inali m'kabati ya pamwamba pa mipando. Kuyambira pa 1 Malichi chaka chomwecho dzikolo linaletsa kuika ma power bank m'makabati amenewo m'ndege zake, kuti azikhala pomwe mwiniwake akuwaona. Emirates, yomwe mu 2017 inkalongedza malaputopu a okwera m'makatoni pakhomo la ndege kuti atsikire kunsi, kuyambira pa 1 Okutobala 2025 imalola power bank imodzi yokha pa munthu, ndipo siiyenera kugwiritsidwa ntchito ulendo wonse. Ife ozolowera kuthima kwa magetsi, amene timayenda ndi awiri kapena atatu m'chikwama, tiyambe tawawerenga tisanafike pamzere.